Mbiri ya Mkungudza wa pa Phiri la Mulanje

Alipo mau ena amene anthu amawadziwa ndi khutu lokha, cinthu cace asanacione ndi maso. Amodzi a mau otere ndiwo akuti mkungudza. M'mzinda wa Chitungwiza, kumwera kwa Harare, muli mabanja ambiri amene makolo ao anacokera ku Nyasaland kudzafuna nchito ku mafamu a fodya, ku migodi ndi m'nyumba za Azungu. Ena anadza pansi, ena pa malole a Ulere, ndipo ambiri sanabwererenso kwao. Ana ndi adzukulu a machona amenewa, okhala ku St Mary's, ku Zengeza ndi ku Seke, amamva dzina la mkungudza m'chalichi, pamene mlaliki awerenga za kacisi amene mfumu Solomo anamanga ndi mitengo ya ku Lebano. Anthu a ku Chipata, ku Katete ndi m'makomboni a Lusaka amalimvanso komweko. Tsono ambiri amayesa kuti mkungudza ndi mtengo wa ku dziko la Ayuda lokha. Koma iwo amene anatembenuza Buku Lopatulika m'Cinyanja, buku limene linatuluka lathunthu m'caka ca 1922, sanapeke dzinali ai. Ndi dzina la mtengo wa ku Malawi, womera pamwamba pa phiri la Mulanje, umene anthu okhala m'tsinde mwa phirilo amati sida. Nkhani ino ifotokoza m'mene mtengo umenewu unakhalira mibadwo yosawerengeka popanda wousautsa, ndi m'mene unathera m'zaka zosakwana 130.

Phiri la Mulanje liri kumwera ca kum'mawa kwa Malawi, pafupi ndi malire a Mozambique. Wolionera kutali amayesa kuti ndi mwala umodzi waukulu, koma wokwera amapeza kuti pamwamba pali dziko lina: zidikha za udzu, makwawa ozama, mitsinje ya madzi ozizira koopsa, ndi nsonga zambiri, imene yaitali koposa ndiyo Sapitwa, ya mamita 3,002. Zidikhazo ziri ndi maina ao, monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani, ndipo kumeneko ndiko kucokera mitsinje ya Ruo, Likhubula, Thuchila ndi Phalombe, imene midzi ndi minda ya tiyi zimadalira. Mkungudza sumera m'tsinde. Uyamba kuoneka munthu atakwera mamita 1,800, ndipo umakonda makwawa ndi m'mphepete mwa matanthwe, m'mene nkhungu ya ciperoni imagona masiku ambiri. Ukakula bwino umatalika mamita 40, thunthu lace loongoka, khungwa lace lokhuthala. Masamba ace ndi ang'onoang'ono, ogwirana ngati mamba a nsomba, ndipo sayoyoka m'cilimwe. M'nthambi mwace mumalendewera ndere zotuwa zonga ndebvu za nkhalamba. Palibe malo ena pa dziko lonse lapansi pamene mtengo umenewu unamera wokha, koma pa phiri limeneli basi.

Cimene cinaucititsa kukhala wofunika ndico thabwa lace. Ndi lopepuka, losabvuta kupala, ndipo liri ndi mafuta onunkhira amene satha ngakhale papite zaka zambiri. Ciswe sicilidya, silifumbwa, ndipo siliola msanga pa mvula kapena m'madzi. Mtengo umene unagwa mwini mudzi asanabadwe ukhoza kucekedwa lero ndi kutulutsa matabwa abwino. Aliyense amene anamangapo nyumba m'maiko atatu ano, naona m'mene ciswe cimathera mitanda ndi zitseko m'zaka zowerengeka, adzazindikira msanga kuti thabwa lotere ndi cuma.

Koma mtengo wolimba cotere uli ndi cofooka cace, ndipo cofookaco ciri ku ubwana. Mbande za mkungudza sizikula mumthunzi wa makolo ao. Zimafuna poyera, pamene dzuwa lifika pansi, monga m'mphepete mwa nkhalango, kapena pamene nthaka inagumuka, kapena pamene moto wocepa unadutsa kale. Tsono poyera pomwepo ndi pamene pali udzu, ndipo pamene pali udzu ndi pamene moto wa m'cilimwe umayenda. Kamtengo kakapsa kamafa ndithu, citsa cace siciphukanso. Moto ukadza kamodzi pa zaka zambiri, mkungudza umapindula, pakuti walambuliridwa malo. Ukadza caka ndi caka, nkhalango imatsala ya nkhalamba zokhazokha, yopanda ana. Pa phiri lomwelo pali mphwace wa mtengowu, wamfupi, wa mathunthu ambiri, amene amameranso ku Nyanga, ku Chimanimani ndi ku South Africa. Iyeyo akapsa amaphukanso pa citsa. Kwa nthawi yaitali akatswiri anali kuwayesa mtundu umodzi, kufikira m'caka ca 1997, pamene Anton Pauw ndi Peter Linder a ku Cape Town anaonetsa kuti ndi mitundu iwiri. Cotero omvera a ku Zimbabwe amene anaona wamfupiyo ku mapiri a kum'mawa asayese kuti anaona mkungudza wa nkhani ino.

Azungu asanafike, m'tsinde mwa phiri munali Amang'anja, ndipo pambuyo pace kunadza Ayao ndi Alomwe. Anthu onsewa analiopa phirilo, nati ndi mudzi wa mizimu. Dzina lomwe lakuti Sapitwa ndi lamulo. Akulu amasimba kuti munthu wosokera kumeneko akhoza kupeza nthoci zakupsa kapena cakudya cokonzedwa kale, mwini wace wosaoneka, ndipo ayenera kudya yekha, wosaitana mnzace, wosatenga cotsala. Wonyoza mwambo umenewu sabwera kumudzi. Amasimbanso za Akafula, anthu afupiafupi a kale lomwe, ndi za Dziwe la Nkhalamba pa mtsinje wa Likhubula, ndi za Napolo, cinjoka cimene cikasamuka cimagumula phiri. M'dzinja la 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazana ku Phalombe, dzina limene linali pakamwa pa anthu linali lomweli la Napolo. Mkungudza unabisala m'mantha amenewa. Unabisalanso m'kuzizira kwa pamwamba, kumene kunalibe midzi, ndi m'kusafunika kwace, pakuti nyumba ya mitengo, tsekera ndi udzu sifuna thabwa, ndipo palibe akadakwera tsiku lathunthu kukadula mzati umene akadaupeza kuseri kwa munda wace. Si kunena kuti makolo sanaononge kanthu. Alenje anali kukwera kukasaka, natentha udzu kuti nyama zioneke, ndipo moto wao unali kudya m'mphepete mwa nkhalango.

Apa pali cinthu coyenera kucilingalira. Ilipo mitengo ina imene anthu a maiko ano anaiika m'mwambo ndi dzina lace. Ku Chitungwiza komweko, kumene mzimu wa Chaminuka unali kulankhula mwa Pasipamire kufikira ankhondo a Lobengula anamupha m'caka ca 1883, Amashona amalemekeza mtengo wa muhacha, umene Acewa amati muula. Patsinde pace ndi pamene akulu amapempherera mvula, ndipo wotsegula munda amaulambalala. Ku Nsanje, nkhalango ya Khulubvi, m'mene muli kacisi wa Mbona, yaima kufikira lero pakati pa dziko limene mitengo inatha, cifukwa mwana aliyense amadziwa kuti m'menemo simulowa nkhwangwa. Malamulo otere amakhala m'mudzi, ndipo mlonda wace ndi munthu aliyense. Koma linga la mkungudza linali kutalika kwa ulendo ndi kuopsa kwa malo, ndipo linga lotere limagwa tsiku limene wina alambula njira.

Njirayo inalambulidwa m'caka ca 1891. M'caka cimeneco Angerezi anatenga dzikolo m'manja mwao, ndipo Harry Johnston anakhala Bwanamkubwa woyamba ku Zomba. Anali naye mkulu wina wa ku Scotland, dzina lace Alexander Whyte, wodziwa za zomera ndi zinyama, amene anagwirapo nchito ku Ceylon. Ca kumapeto kwa caka cimeneco Whyte anakwera phiri la Mulanje, naona nkhalango za mkungudza, nazizwa. Mtengo wina umene anaupeza utagwa anauyesa, napeza kuti unali wa mapazi 140 m'litali. Anatumiza nthambi ndi njere ku London, ndipo m'caka ca 1894 katswiri wa ku British Museum, Alfred Rendle, anaupatsa dzina la m'mabuku lakuti Widdringtonia whytei. Theka loyamba la dzinali likumbutsa kapitao wina wa zombo za nkhondo za Angerezi, Samuel Widdrington, amene anafa m'caka ca 1856, ndipo theka laciwiri likumbutsa Whyte. Amuna amene anamsonyeza njira, nasenza katundu wace, namuuza dzina la mtengowo, dzina la m'mabukulo siliwakumbutsa.

Whyte ayenera kuyamikidwa pa cinthu cimodzi: anaona msanga kuti moto wa caka ndi caka unali kucepetsa nkhalangozo, nacenjeza Boma. Koma mau omwewo amene anacenjeza za moto anadziwitsanso Boma kuti pamwamba pa phiri pali matabwa osadyedwa ndi ciswe, pa nthawi imene Boma linali kufuna kumanga maofesi, nyumba ndi malinga. Zaka za m'ma 1890 zisanathe, maceka anali atakwera kale.

Nchito ya kuceka inali ya manja. Mtengo ukagwa, amuna anali kukumba dzenje kapena kumanga thandala, nagubuduzira cipika pamwamba pace. Mmodzi anali kuima pamwamba, mnzace pansi, nakokerana maceka aatali kuyambira m'mawa kufikira madzulo, wapansiyo utuci uli kumgwera m'maso. Matabwa akatuluka, ena anali kuwasenza pamutu ndi kutsika nao m'njira zotsetsereka, pa matanthwe oterera, kumapazi kulibe kanthu. Ambiri a iwo anali kufuna ndalama ya msonkho wa nyumba. Pambuyo pace kunamangidwa cingwe ca waya cocokera ku Chambe kutsikira ku Likhubula cotsitsira matabwa, ndipo njira imene okwera phiri amati Skyline inatenga dzina lace ku cingwe cimeneco. Matabwa a mkungudza analowa m'zitseko, m'mazenera, m'madenga ndi m'mipando ya nyumba za ku Zomba ndi ku Blantyre, ndipo m'zaka za pambuyo amisiri a ku nyanja anapeza kuti palibe thabwa loposa ili pokhoma boti la asodzi. M'Cinyanja mau akuti mtengo ali ndi matanthauzo awiri, comera ndi ndalama yogulira cinthu. Kufikira 1891 mkungudza unali ndi tanthauzo loyamba lokha.

M'caka ca 1927 Boma linaika phiri lonse kukhala nkhalango yosungidwa ndi lamulo. Za nthawi imeneyi ziyenera kunenedwa mbali zonse ziwiri. Mbali yoyamba ndi yakuti akapitao a nkhalango anagwira nchito yooneka. Caka ciri conse, udzu usanaume, magulu a anthu anali kulambula mipata yochinga moto kuzungulira nkhalango iri yonse ya mkungudza, mamailosi ambirimbiri, ndi makasu. Alonda anali kugona pamwamba. Anayesanso kubzala mkungudza pa phiri la Zomba, kuyambira zaka zoyamba za m'ma 1900, ndipo unamera. Nchitoyo sinali yopanda ngozi. M'caka ca 1949 kapitao wacinyamata, Fred France, anatengedwa ndi madzi pooloka mtsinje wodzala pamwamba pa phiri, ali pa ulendo ndi Laurens van der Post, amene pambuyo pace analemba za imfayo m'buku lace la 1952. Kanyumba kena ku Chambe kakali ndi dzina la France.

Mbali yaciwiri ndi yakuti Boma lomwelo ndilo linaceka mitengo yaikulu ndi yoongoka koposa kwa zaka zoposa 50, kufikira pakati pa zaka za m'ma 1950. Poona kuti mkungudza ukula pang'onopang'ono, linabzala ku Chambe paini wocokera ku Mexico, wokula msanga, ndipo njere za painiyo zinauluka ndi mphepo ndi kumera m'malo oyera omwe aja amene mbande za mkungudza zimafuna. Koma coopsa koposa sicinaoneke ndi maso. Lamulo la 1927 linacotsa phiri m'manja mwa mizimu ndi mafumu, naliika m'manja mwa Boma. Munthu wa m'tsinde, amene atate ace anali kuopa phiri cifukwa ca eni ace osaoneka, anayamba kuliopa cifukwa ca mlonda ndi faindi. Mizimu siigona ndipo siilandira ciphuphu, koma mlonda ndi munthu, amagona, amadwala, ndipo malipiro ace akacedwa ali ndi ana ofuna kudya.

Pofuna kuona bwino cimene cinacitika pambuyo pace, nkhani iyenera kuoloka nyanja kanthawi. Ku zisumbu za New Zealand, kum'mawa kwa Australia, kuli mtengo wina wa banja la mitengo yosayoyola masamba, dzina lace kauri. Ndi waukulu koposa mkungudza, ndipo umakhala zaka zoposa 1,000. Eni dziko, Amaori, amati nkhalango ndi ana a Tane, amene pa ciyambi analekanitsa thambo ndi dziko lapansi kuti kuwala kulowe. Pofuna kudula mtengo waukulu wosemera bwato la nkhondo, anali kuyamba ndi mapemphero. Utomoni wa kauri anali kuyatsira moto ndi kutafuna, ndipo mwaye wace anali kuthira m'mphini za kumaso. M'caka ca 1772 amalinyero a ku France, otsogozedwa ndi Marion du Fresne, anadula kauri kuti akonze milongoti ya combo cao. Pambuyo pao kunadza Angerezi ndi maceka a makina, ndipo m'zaka ngati 100 nkhalango zimene zinali zoposa mahekitala 1,000,000 zinatsala zigamba zokha. Matabwa anamanga mizinda ndi zombo, utomoni unagulitsidwa ku Ulaya wopangira vanishi, ndipo zotsala zinapsa ndi moto wa otsegula mafamu.

Mbiri ziwirizi ziri zofanana kufikira apa, koma m'caka ca 1952 zinasiyana. Mphunzitsi wina wa ku Auckland, William McGregor, pamodzi ndi anzace, anasonkhanitsa maina a anthu zikwi makumi asanu opempha Nyumba ya Malamulo kuti nkhalango ya Waipoua isacekedwenso. Boma linabvomera. Lamulo limene linaikidwa linali lalifupi: m'cigawo ca nkhalango imeneyo cimene cinapatulidwa simucekedwa kanthu. M'menemo mwaima kufikira lero kauri wochuka koposa, dzina lace Tane Mahuta, wotalika mamita oposa 45, amene anthu khumi ogwirana manja amabvutika kumzungulira, ndipo a mtundu wa Te Roroa ndiwo amamyang'anira pamodzi ndi Boma.

Ku Mulanje lamulo linali lina, ndipo pomveka linali lanzeru. Linati mtengo wamoyo sudulidwa, koma wouma ukhoza kucekedwa ndi munthu amene wagula ciphaso. Popeza mkungudza suola, ndipo youma inali yambiri m'nkhalango, zinaoneka ngati dziko lidzapindula popanda kutaya kanthu. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964 dongosolo limeneli linapitirira, ndipo m'caka ca 1984 Dr Hastings Kamuzu Banda analengeza kuti mkungudza ndiwo mtengo wa pfuko la Malawi. Patangopita zaka ziwiri, m'caka ca 1986, kunaoneka m'Malawi nsabwe zina za m'mitengo zocokera kunja kwa Africa, zoyamwa madzi a m'nthambi, zimene zinaumitsa mipanda ya saipuresi m'matauni ndi kukweranso phiri. Mitengo youma inaculuka, ndipo oceka anaculuka nayo.

Youma ija itayamba kucepa, cibowo ca lamulo cinaoneka. Ngati wouma wokha ndiwo uloledwa, munthu wofuna matabwa angouumitsa. Anali kusenda khungwa kuzungulira thunthu, kapena kukoleza moto patsinde, nacoka. Caka camawa anali kubwera ndi ciphaso m'thumba kudzaceka mtengo wouma monga mwa lamulo. Moto umene anakoleza sunali kuima pa mtengo umodzi. Unali kulowa m'udzu ndi kupha mbande zimene zikadalowa m'malo. Pa nthawi yomweyo ndalama za Boma zosungira nkhalango zinacepa, mipata yochinga moto inameranso udzu, ndipo anthu m'tsinde anaculuka pa nthaka yocepa, yopanikizika pakati pa phiri ndi minda ya tiyi. Mnyamata wopanda munda, wopanda nchito, akauzidwa kuti thabwa limodzi lotsitsidwa usiku limpatsa ufa wa masiku angapo, sakhala pansi kuwerenga zaka za mtengo. Kumdzudzula iye yekha ndi kosabvuta. Koma iye anali kulandira ndalama yocepa koposa onse. Phindu linali kwa amene anali kudikira ndi lole m'tsinde, ndi kwa amene anali kugula m'mizinda ndi kunja kwa dziko.

Ziwerengero zisonyeza m'mene zinathamangira. M'caka ca 1989 nkhalango za mkungudza zinali mahekitala 1,462. Akatswiri otsogozedwa ndi Julian Bayliss atayesanso, analengeza m'caka ca 2007 kuti zatsala mahekitala 845, ndi kuti pa mitengo itatu iri yonse yoimirira, umodzi unali wouma. Si kuti anthu anangopenya manja ali m'thumba. M'caka ca 2000 bungwe la UNESCO linaika phiri pa mndandanda wa malo a cilengedwe oyenera kusamalidwa, ndipo pa nthawi yomweyo kunabadwa bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, limene linalambulanso mipata ya moto ndi kudula paini wolowerera uja. Koma maceka anali ndi liwiro loposa makasu.

Caka ca 2017 ciyenera kukumbukidwa ku maiko onse awiri. Ku New Zealand kauri anali atagwidwa ndi nthenda ya m'nthaka yoolesa mizu, imene imayenda ndi matope a ku nsapato za alendo. M'mwezi wa Disembala akulu a mtundu wa Te Kawerau a Maki anaika ciletso ca makolo, cimene m'cinenero cao amati rahui, pa nkhalango ya Waitakere pafupi ndi Auckland, nati munthu asalowemo kufikira nkhalango itacira. Analibe apolisi, analibe ndende. Ena ananyoza, koma ambiri anamvera, ndipo m'caka ca 2018 akulu a mzinda wa Auckland anatsata mapazi ao natseka njira zambiri ndi lamulo la Boma. Kumeneko mwambo unatsogola, lamulo linadza pambuyo. M'caka comweco ca 2017, ku Mulanje, akatswiri anayenda m'zidikha ndi m'makwawa kuwerenga mikungudza yaikulu yobala njere imene inatsala. Anapeza isanu ndi iwiri. Atabwerera caka cotsatira, isanu ndi iwiriyo inali itagwetsedwa.

Cimene cinapulumutsa mtundu wa mkungudza kuti usatheretu ndico minda ija imene akapitao a kale anabzala ku Zomba, ndi ina ya ku Viphya, pakuti kumeneko kunali kupezekabe njere. Kuyambira m'caka ca 2016 bungwe la ku Mulanje lija, pamodzi ndi ofufuza za nkhalango a ku Zomba ndi a Botanic Gardens Conservation International, anakhazikitsa manazale m'midzi ya m'tsinde mwa phiri. Amai ndi abambo a m'midzimo anaphunzira kufesa njere, kuthirira ndi kusamala mbande, nalandira ndalama pa mbande iri yonse yopola. Mbande zikwi mazana zinakwera phiri m'madengu ndi m'mabeseni, pamitu, m'njira zomwe zija zimene matabwa anatsikira.  M'mwezi wa Julayi, 2025, UNESCO inaikanso phiri la Mulanje pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi, ndipo cifukwa cimene inachula cinali miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, amene amati phirilo ndi la mizimu ya makolo.

Mbande zambiri zinafa m'zaka zoyamba, zina ndi cisanu, zina ndi cilala, zina ndi moto. Zimene zinagwira zikali timitengo, ndipo papita zaka makumi ambiri kuti zifike pa msinkhu wa uja amene Whyte anamuyesa. Kufikira nthawi imeneyo ciri conse ca izo cikhoza kufa ndi moto wa tsiku limodzi, woyatsidwa ndi mlenje wofuna gwape. Cifukwa cace, mvula ikaleka, udzu usanaume, magulu a amuna amakwera ndi makasu ndi zikwanje ku Chambe, ku Lichenya ndi ku Sombani kukalambula mipata, nagona m'misasa kufikira nchito itatha.